Matumba 26 pa Bulaketi Imodzi

Pawindo la kanyumba kamene ndimasungiramo mbewu ndi feteleza pali kachitsulo kopindika, kokwana m'dzanja limodzi. Mlendo akakaona amayesa chidutswa cha pulawo. Ndi bulaketi imene inkagwira mikono iwiri yapamwamba pa difu ya vaneti yanga, chitsulo chopingasa chimene chimagwira matayala akumbuyo. Kunja kwake, mzere umene anawotcherera ndi wokongola, wondondozana ngati mamba a nsomba. Mukaitembenuza mupeza dzimbiri lofiira ponseponse, kupatula timalo titatu towala, kalikonse kosaposa chikhadabo cha chala chachikulu. Timalo titatuto ndi tokha timene tinagwiranadi ndi difu. Pamenepo ndi pamene ndinasenzetsa matumba 26 a chimanga ndi anthu atatu.

Ndimalima kuseri kwa Chalimbana, m'boma la Chongwe, m'dziko la Asoli a mfumu yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, ngakhale kwathu kwenikweni ndi ku Katete. Kuchokera ku Lusaka kufika pa Chongwe ndi makilomita pafupifupi 45 a phula la Great East Road, ndipo chigawo chimenecho sichivuta. Mavuto amayamba phula likatha. M'chilimwe msewu wopita kumunda umachita timizere tokhala ngati malata, togwedeza mano. M'dzinja madzi amakumba ngalande zopingasa, ndipo pali mtsetse wina wotsikira ku kamtsinje umene aliyense wa kuno amauopa. Hilux yanga ndi yakale, ya dizilo, ya mpando umodzi, yokoka matayala onse anayi. Kumbuyo inabadwa ndi masipuling'i a malifu, zitsulo zosanjikizana zija.

Madandaulo anga pa malifuwo anali enieni. Lifu lalikulu linathyoka kawiri m'zaka zitatu. Galimoto ikakhala yopanda katundu inkadumpha ngati ngolo, mwakuti mayi a kunyumba, amene amavutika msana, anasiya kukwera. Pa ngalande zopingasa tayala limodzi lakumbuyo linkatsala m'mwamba likungozungulira, ife n'kutsika kukaika miyala.

Mwana wa mlongo wanga, mnyamata wokonda zamagalimoto ndipo wamanja abwino, ndiye anabwera ndi nkhaniyi. Madzulo ena anandionetsa pa foni mavidiyo a ku America ndi ku Australia: magalimoto akukwera matanthwe, tayala limodzi lili pamwamba pa mwala, linalo lili m'dzenje, onse atagunda pansi.

"Amalume, mwaona? Vuto si msewu wanu ayi, vuto ndi malifu. Tichotse, tiike makoilo ndi malinki anayi. Azakhali azikwera ngati ali m'basi ya ku Chipata."

Chinali chaka cha 2024, chaka cha chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza mu February kuti ndi tsoka la dziko lonse. Chimanga changa chinapsa chisanamasule. Vaneti inalibe chonyamula, msipu unali utatha, ndipo ndinali nditagulitsa ng'ombe ziwiri zisanaonde. Ndalama inali m'thumba, galimoto inali pamthunzi. Ndinaona ngati nthawi yake ndi yomweyo.

Ndisanachite kanthu ndinapita kwa makanika wina wachikulire pa Chongwe, amene unyamata wake wonse anathera pansi pa ma Land Rover a boma. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa funso limodzi.

"Aphunzitsi, galimoto yanuyi mumanyamulira chiyani?"

Ndinati chimanga, feteleza, ndi tomato wopita ku Soweto Market ku Lusaka.

"Ndiye isiyeni mmene ilili. Gulani malifu atsopano ndi mashokapu abwino, ndipo muzichepetsako matumba. Za makoilozo n'zotheka, koma si ntchito yongowotcherera. Ndi ntchito ya masamu."

Ndinathokoza, ndinatuluka, ndipo mumtima ndinati mdalayu watsalira. Anyamata amene ndinawapeza pa yadi ina ku Lusaka sanandifunse funso lililonse. Anati adzamaliza m'masabata awiri.

Chimene sindinkadziwa, ndipo ndikhulupirira eni mavaneti ambiri sachidziwa, ndi kuchuluka kwa ntchito imene lifu limagwira mwakachetechete. Ife timaona imodzi yokha, yosenza katundu. Koma lifu lomwelo ndi limene limagwira difu kuti isapite kutsogolo kapena kumbuyo, limaigwira kuti isasunthire kumanzere kapena kumanja pokhota, ndiponso limailetsa kugudubuzika. Pamene injini ikuzunguza matayala kupita kutsogolo, chikopa cha difu chimafuna kuzungulira chobwerera, mphuno yake n'kudzuka. Mukaponda buleki chimafuna kuzungulira mbali inayo. Koilo sidziwa chilichonse cha zimenezi. Imangosenza kulemera basi. Mukachotsa lifu, ntchito zina zonsezo zimagwera pa mikono yachitsulo imene mwaika, pa mabulaketi ake, ndi pa dzanja la amene anawotcherera.

Opanga magalimoto akhala akulimbana ndi nkhaniyi kwa zaka zambiri, aliyense ndi njira yake. Range Rover ya 1970, ndiponso Land Rover One Ten ya 1983 imene pambuyo pake inatchedwa Defender, ili ndi mikono iwiri yapansi ndi chitsulo chooneka ngati chilembo cha A pamwamba pa difu. Land Cruiser 80, imene inatuluka mu 1990, ili ndi mikono inayi kuphatikiza ndodo yopingasa yotchedwa Panhard, dzina la kampani ya ku France, imene ntchito yake ndi kuletsa difu kusunthira m'mbali. Hilux Surf, imene yadzaza m'misewu ya Lusaka, inatsatira njira yomweyo kuyambira cha m'ma 1989. Ford Ranger Raptor imagwiritsa ntchito kalumikizidwe kamene James Watt anakatulukira mu 1784 pa makina ake a nthunzi. Zonsezi zimagwira bwino ntchito, chifukwa chasesi inapangidwira zimenezo kuyambira papepala.

Koma taonani chimene Toyota yomweyo inachita ndi Land Cruiser 79, vaneti imene mumaiona ku migodi, m'mafamu aakulu ndi m'misasa ya alendo ku Lower Zambezi. Mu 1999 anaika makoilo kutsogolo, koma kumbuyo, kumene kumakhala katundu, anasiya malifu, n'kungowatalikitsa. Nissan inayesa makoilo ndi mikono isanu kumbuyo kwa Navara ya 2014, ndipo ku Australia eni ake anadandaula kuti imakhala pansi ikasenza katundu, mpaka kampaniyo inakonzanso masipuling'iwo kangapo. Ngati akatswiri a kampani yonse anafunika kubwereza, ine ndinkayembekeza chiyani kwa anyamata atatu, tepi imodzi ndi choko?

Zipangizo tinagula kwa ogulitsa zotsala za magalimoto ophwanyika. Makoilo ndi mikono yapansi zinachokera ku Surf. Mikono yapamwamba anaipanga okha ndi paipi, ndipo nditafunsa kuti ndi paipi yanji anati ndi yolimba. Inali paipi ya madzi, yokhala ndi msoko m'litali mwake. Anaganiza zoika mikono yapamwambayo mopendekera, kuti ikumane pamwamba pa difu ngati nsonga ya muvi. Njira imeneyi ndi yodziwika ndipo ndi yabwino ikachitidwa bwino, chifukwa kupendekerako kumagwira difu m'mbali, ndodo ya Panhard n'kukhala yosafunika. Koma tanthauzo lake ndi lakuti bulaketi yapamwambayo imasenza ntchito ziwiri nthawi imodzi, kuletsa difu kugudubuzika ndi kuiletsa kusuntha. Ikachoka, palibenso china chotsalira.

Miyezi imeneyo madzi a ku Kariba anali atatsika kwambiri, ndipo magetsi ankathima pafupifupi tsiku lonse, kubwera pakati pa usiku kwa maola ochepa. Anyamatawo ankawotcherera ndi kamakina kakang'ono kolumikiza ku kajenereta. Ndinaima pomwepo tsiku limene anamata bulaketi ija. Ndinamva kajenereta kakulira mobanika nthawi iliyonse ndodo ikagunda chitsulo, ndinaona ndodo ikukakamira, mnyamata n'kumaigwedeza kuti ichoke. Atamaliza anagogoda makoko ndi hamala, mzere wokongola uja n'kuonekera, ndipo ine ndinayamikira. Moto wochepa umasungunula ndodo koma susungunula chitsulo chapansi, choncho chitsulo chatsopanocho chimangogona pamwamba ngati phala pa mbale yozizira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anapaka penti yakuda ndipo vaneti inatuluka itakwera m'mwamba, ikuoneka ngati za pa foni zija.

Sabata yoyamba ndinasangalala, ndipo sindibisa. Pa timizere ta malata inkayenda mofewa. Pa ngalande yopingasa matayala onse anagunda pansi, ndinadutsa osatsika. Mayi a kunyumba anakwera kupita ku tchalitchi osagwira msana.

Kenako galimoto inayamba kundilankhula, ine osamva. Pa Great East Road, liwiro likafika cha pa 60, pansi pa mpando pankamveka kunjenjemera kumene kunalibe kale. Ndinati ndi matayala, ndinakawalinganiza, sikunathe. Chinali chakuti mphuno ya difu inaloza molakwika, ma UJ a pulopela shafti, timitanda tija timene timailola kupindika, n'kumagwira ntchito pa makona osafanana. Tayala limodzi likagunda bampu, kumbuyo kwa galimoto kunkapita kwakekwake ngati wina akuwongolera kumeneko, ine n'kumabweza ndi chiwongolero. Chimenecho chinkachokera ku mikono yapansi, imene inali yaifupi ndiponso yoimirira kwambiri chifukwa chokweza galimoto: mbali imodzi ya difu ikatsika, tayala la mbali imeneyo linkakokedwa kutsogolo, difu yonse n'kukhota. Nditaika matumba 10 okha a feteleza, kumbuyo kunagwada mpaka magetsi akutsogolo analoza m'mitengo. Makoilo a Surf anapangidwira banja ndi masutikesi ake, osati tani ya katundu. Ndipo poyamba kuyenda, kapena posiya mafuta mwadzidzidzi, pankamveka kugogoda kumodzi, gu, kuchokera pansi pa bodi.

Tsiku lina ndikutsuka matope ndinaona kamzere kofiira, kopyapyala ngati ulusi, kozungulira tsinde la bulaketi ija. Ndinakapukuta ndi chala. Fumbi lofiira lotuluka pa mzere wowotcherera ndi chizindikiro chakuti zitsulo ziwiri zikukhulana pamene zinayenera kukhala chimodzi. Ndinali ndi mphindi imeneyo m'manja mwanga, nditagwada, ndikuona ndi maso anga. Ndinati ndidzaionetsa tikamaliza kukolola.

Mvula ya chaka chotsatira inagwa bwino ndipo tinakolola. Mu July 2025 tinayamba kututa chimanga kupita ku depoti ya FRA, bungwe la boma logula chimanga. Hilux yotere inapangidwira katundu wa tani imodzi, kapena kuti matumba 20 a makilogalamu 50, osawerengera anthu. Ine, monga alimi anzanga ambiri, ndinazolowera kupitiriza. M'mawa umenewo tinakweza 26, kuti maulendo achepe, ndipo aganyu atatu anakhala pamwamba pa matumba kuti akathandize kutsitsa.

Pa mtsetse wa ku kamtsinje ndinaika giya yoyamba monga mwa masiku onse. Galimoto inkandikankha kuposa kale. Ndinaponda buleki, ndipo ndinamva kuti akutsogolo okha ndi amene akugwira. Tinalowa mu ngalande ya m'munsi ndi liwiro loposa limene ndinkafuna. Kunamveka kulira kumodzi kouma, ngati nkhwangwa yagunda mwala. Difu inagudubuzika n'kusunthira kumanzere nthawi imodzi, tayala lakumanja linalowa pansi pa bodi n'kukhula chasesi, koilo yakumanzere inafwamphuka n'kugwera m'tchire. Mbali imeneyo inagwa pansi, matumba anatsetsereka onse pamodzi, ndipo vaneti inapendekeka pang'onopang'ono, pang'onopang'ono kwambiri, mpaka inagona chammbali m'ngalande.

Ndinatulukira pawindo. Anyamata awiri anali atalumpha ndipo anangokhuzuka mikono. Wachitatu, bambo wa ana anayi wa m'mudzi woyandikana nafe, amene wakhala akundithandiza kukolola kwa zaka zambiri, anali pansi pa matumba kuyambira m'chiuno kutsika. Sanalire. Ankangobwereza kuti, "Aphunzitsi, mwendo, mwendo." Tinachotsa matumbawo limodzilimodzi, chimanga chikukhuthuka pa msoko wong'ambika, ndipo nditaona mmene ntchafu yake inapindikira ndinadziwa. Tinamunyamula pa ngolo ya ng'ombe mpaka pamsewu waukulu, kuchoka apo pa galimoto ya munthu wachifundo kupita kuchipatala ku Chongwe, ndipo anamutumiza ku Lusaka kumene anamuika chitsulo m'fupa.

Patapita sabata, makanika wachikulire uja anabwera yekha kumunda, osaitanidwa. Sanandikumbutse mawu ake. Anagona pa saka pansi pa vaneti imene tinali titaikokera pabwalo, ndi tepi m'manja, ndipo ankandiitana kuti ndione chimodzichimodzi.

Anayamba ndi mpata wa pakati pa bauti la mkono wapamwamba ndi la mkono wapansi, pa difu pomwepo. Unali masentimita 10. Anati anthu odziwa ntchitoyi amayambira pa gawo limodzi mwa magawo anayi a msinkhu wa tayala, ndipo pa matayala anga a mainchi 31 zimenezo ndi masentimita pafupifupi 20. Anatenga sipanala yaitali ndi yaifupi n'kundifunsa kuti ndi iti imene imafuna mphamvu zambiri pomasula nati youma. Mpata ukachepa ndi theka, mphamvu yokoka bulaketi imawirikiza kawiri. Kenako anandionetsa pamene bulaketi inachoka. Chikopa cha difu ya Hilux ndi chitsulo chopinda, osati chokhuthala kwambiri, ndipo munthu wodziwa amayamba wamanga mlatho wachitsulo wodutsa pamwamba pake kuchokera mbali ina kufika ina, bulaketi n'kukhala pa mlathowo. Yanga inangomatidwa pa kamalo kamodzi. Ku chasesi nakonso kunalibe zigamba zolimbitsa, ndipo ming'alu inali itayamba kale. Mabauti anali opanda nambala pamutu, pamene pamafunika olembedwa 8.8 kapena 10.9, ndipo awiri anali ogwiridwa mbali imodzi yokha m'malo mopanidwa pakati pa makutu awiri a bulaketi.

Za mabuleki anazipeza pomaliza. Pa chasesi ya Hilux, pafupi ndi difu, pali kavalavu kamene kamamva kulemera kwa katundu kudzera pa kandodo kolumikiza ku difu, n'kumawonjezera mphamvu ya mabuleki akumbuyo galimoto ikalemedwa. Kandodoko kanali kutawasokoneza anyamata aja pa ntchito yawo, ndiye anakadula n'kumanga kavalavu ndi waya pamalo pamene kamakhala galimoto ikakhala yopanda kanthu. Kwa miyezi yonseyo, kavalavu kankauza mabuleki akumbuyo kuti sindinanyamule chilichonse. Analoza ndi sipanala zinthu zinanso: panalibe zogwira koilo kuti isafwamphuke, panalibe malamba oletsa difu kutsika mopitirira, mabampu a labala anali patali mwakuti mashokapu ndi amene ankagunda mapeto, ndipo paipi ya labala ya mafuta a buleki inali yomwe ija yakale, yaifupi, yokokedwa ngati uta.

Ndinamufunsa ngati ntchito yotere imatheka n'komwe kuchitidwa bwino kuno kwathu.

"Imatheka, aphunzitsi. Koma tsiku loyamba makina owotcherera sayatsidwa. Mumayeza galimoto ili pa simenti yosalala, mumajambula, mumawerengera kutalika kwa mkono uliwonse ndi kumene ukuloza. Mikono yapansi ikhale yaitali ndi yogona, pafupifupi yofanana ndi nthaka. Mukatero mumangomata timadontho, muchotse makoilo, mukweze difu ndi jeke mpaka pamwamba, muitsitse mpaka pansi, mupendeketse uku ndi uku, mukuyang'ana pulopela shafti, paipi ya buleki, chingwe cha handibuleki ndi thanki. Pakapanda chogunda kapena chokakamira, ndiye muwotcherere zenizeni, ndi moto wokwanira, pang'onopang'ono kuti difu isapindike ndi kutentha. Mabauti a mabushi a labala mumamanga galimoto itaima ndi matayala ake, osati ili pa jeke. Wokuuzani kuti masabata awiri, osakufunsani katundu wanu, ameneyo sanayambe waganizapo."

Anakhala chete pang'ono, akupukuta manja. Kenako anati munthu wofunadi makoilo kumbuyo chifukwa cha misewu yoipa, osati chifukwa cha chimanga, angachite bwino kugula Land Cruiser 80, Patrol kapena Defender yakale, imene inabadwa nawo. Ndipo za tayala langa lotsala m'mwamba lija, anati mankhwala ake anali loko ya difu ndi kuchepetsako mpweya m'matayala pa msewu wa dothi, pa mtengo wochepa kuposa umene ndinalipira.

Pali china chimene sanatchule koma ine ndimachidziwa. Pepala la fitinesi la RTSA, bungwe la boma loyendera magalimoto, linali lisanathe pamene tinasintha zonsezi, choncho sindinapite nayo galimoto kuti wina aliyense wodziwa aione. A inshuwalansi sindinawauze. Kuyambira tsiku limene inatuluka pa yadi ija kufika tsiku limene inagona m'ngalande, palibe munthu wa maso ozindikira amene anasuzumira pansi pake, chifukwa ndinkadziwa pansi pa mtima kuti akasuzumira anena zimene sindinkafuna kumva.

Mwana wa mlongo wanga anakhala mwezi wathunthu osabwera kwathu. Ndinachita kumutsata. Anagwada pakhomo akulira, akuti, "Amalume, ndine ndinakulakwitsani." Ndinamuuza kuti iye anandionetsa vidiyo, koma amene anagulitsa ng'ombe, amene anamva kugogoda, amene anapukuta kamzere kofiira ndi chala n'kukweza matumba 26 ndine. Panopa amapita kwa mdala uja Loweruka lililonse, ndipo ntchito yoyamba imene anapatsidwa ndi yodula pakati zitsulo zimene wawotcherera yekha kuti aone mmene moto unalowera.

Vaneti inabwerera pa malifu. Tinagula difu ina chifukwa yoyamba inapindika, tinamata zigamba pa chasesi, tinabwezeretsa kandodo ka valavu. Ikakhala yopanda katundu imadumpha ngati kale, ndipo ndikamapita ndi mayi a kunyumba ndimaika matumba atatu a mchenga kumbuyo kuti ifeweko. Ku depoti ndimapita ndi matumba 18, ndipo otsitsa amabwera pambuyo pa njinga zawo.

Bambo uja akuyenda, koma ndi ndodo, ndipo mwendo wamanzere watsala waufupi pang'ono. Mvula yoyamba itagwa mu November sanathe kugwira pulawo. Ndinatumiza ng'ombe zanga ndi mnyamata kukalima munda wake, ndipo ine ndinatsatira pambuyo ndi thumba la mbewu. Tinamupeza atakhala pa chitsa m'mphepete mwa munda, ndodo ili pamiyendo, akuloza mnyamatayo pamene mzere woyamba uyenera kuyambira.